Mita ya a Singano ikunama, koma wosaina ndine

Aphungu,

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo munthu wina anandimenya padzanja, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza. Ndinali wophunzira wa ku yunivesite, atanditumiza ku fakitale yopanga mapaipi apulasitiki kuti ndikaone ntchito ndi maso. Tsiku lachitatu ndinatambasula dzanja kuti ndipukute fumbi pachitsulo cha m'bokosi lamagetsi, poti swichi ndinali nditaiona kuti yazimitsidwa. Kapitawo wa zamagetsi anandiwomba ndi chogwirira cha sikuludiraiva mpaka chala chinatupa. Kenako anatulutsa mita yawo, n'kukhudzitsa timawaya take pachitsulo chija. Singano ya mitayo inalumpha mpaka kumapeto. Anati, "Mwanawe, maso amanama, swichi imanama, ngakhale ine ndimanama. Usanagwire, funsa mita."

Bambo amenewo aliyense amawatcha a Singano, chifukwa cha mita yomweyo. Ndi yachikale, yokhala ndi kukamwa ngati nkhanu, imapana waya n'kuloza nambala ndi singano. Amaisunga m'kathumba kachikopa ndipo saibwereketsa. Nditamaliza sukulu ndi iwo amene anandilankhulira kuti ndilembedwe ntchito. Lero ndine injiniya wa fakitaleyo. Papepala ndine bwana wawo, koma akalowa mu ofesi ndimawapatsabe mpando wanga.

Ndikulemba ndili wokwiya, Aphungu, ndipo ine kukwiya sindikudziwa bwino. Amuna anga amati ndikakwiya ndimatsuka mbale zotsuka kale. Sabata ino mbale za kunyumba kwathu mutha kudziyang'anirapo nkhope.

Chaka chatha tinaika makina atsopano otulutsa mapaipi, aja liwiro lake limasinthidwa ndi kakompyuta. Amagwira bwino ntchito, koma amakoka magetsi motsomphola, ndipo amabweza m'mawaya timafunde tachilendo timene ife timati mahamoniki. Kwa munthu wamba ndingati ndi zinyalala za m'magetsi. Sizioneka, koma zimatenthetsa mawaya, zimaliritsa thiransifoma, zimapha mamota asanakalambe. Mankhwala ake ndi sefa, kabati yachitsulo yodzaza tizipangizo totchedwa makapasita ndi makoyilo, imene imameza zinyalalazo. A Singano ndi amene anasankha sefa yathu n'kuimika ndi manja awo, mawaya onse ataongoka ngati mizere ya m'kope. Akupuma pantchito kumapeto kwa mwezi uno. Iyi ndi ntchito yawo yomaliza, ndipo amaiyang'ana monga munthu amayang'anira mdzukulu.

Chatsala ndi pepala lovomereza kuti sefa yayezedwa ndipo ili bwino. Wosaina ndine. Abwana a fakitale akufuna kudzaliwerenga pamaso pa anthu tsiku lotsanzikana ndi a Singano.

Pafakitale pathu pali chizolowezi chakuti ntchito iliyonse yofuna kutsegula bolodi lalikulu logawa magetsi imachitika nthawi ya nkhomaliro. Chifukwa chake n'chomveka. Phokoso limakhala litatha, ngolo zonyamula katundu sizikudutsa, palibe wokuimirira kumbuyo kufunsa kuti umaliza liti. Koma pa nthawi imeneyo makina asanu mwa asanu ndi amodzi amakhala ataima. Kuyeza sefa makina ataima kuli ngati kukwera padenga kukaona podontha dzuwa likuswa mtengo. Ine zimenezi ndimazidziwa. Ndinazilemba pamayeso, ndinakhoza bwino.

Komabe tinayeza pa nkhomaliro. A Singano ankapana waya n'kutchula nambala, ine n'kumalemba m'buku. Mawu anafika pakhosi kawiri, kawiri konse ndinawameza. Ndinadziuza kuti ndidzanena mawa, pamalo poduka mphepo. Manambalawo ali m'buku ndi dzanja langa, tsiku ndi dzina langa zili pansi pake.

Patapita masiku anayi ndinalowa m'chipinda cha magetsi cha m'ma 3 koloko masana, makina onse akuyenda. Munali fungo la vanishi wotentha, ndipo sefa inkalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Ndinabwereka mita kwa mnzanga wa ku yunivesite, ya mtundu umene umawerenga kukula kwenikweni kwa magetsi ngakhale funde lake litapindika. Pawaya wopita ku sefa inawerenga maampu 181. Kachitsulo ka pachitseko cha sefayo kamati malire ndi 160.

Ndinapita kukawaitana a Singano mwaulemu wonse. Anabwera, anapana waya yemweyo ndi mita yawo, ine ndili pomwepo. Singano inaima pa 152. Waya mmodzi, nthawi imodzi, mayankho awiri.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati, "Bambo, mita yanu siinawonongeke. Kungoti inapangidwira magetsi osalala a kale aja. Imayeza pang'ono, kwinako imangoganizira kuti funde ndi losalala. Funde likakhala la minga ngati la makina athuwa, imawerenga zochepa."

Anaipukuta ndi mpango, n'kuibweza m'kathumba. Anati, "Iyi yandisunga zaka makumi atatu, zala zonse khumi ndi izi. Inakusunganso iwe. Yobwerekayo yasunga ndani?"

Yankho ndinali nalo, koma linabwera ndili kale mu minibasi.

Pamsonkhano wa Lolemba ndinalimba mtima, ndinati sindingasaine tisanayezenso ndi chipangizo choyenera. Abwana anatsegula buku lija, n'kulitembenuzira kwa ine. Anati, "Mayi, dzanja ili ndi la ndani? Kapena munalemba muli mtulo?" Anthu anaseka. Mkulu wa sitolo ya zipangizo ya pafakitale anati, "Vuto ndi singano eti? Ndikupezerani ya manambala, yowala ndi mumdima momwe." Anasekanso. A Singano sanandiyang'ane. Anangoti, "Asiyeni a Digiri, akufuna chidole chojambula zithunzi." Zaka zonsezi sananditchulepo dzina limenelo. Ndimadziwa kuti ena amanditcha choncho ndikatembenuka, koma osati iwo.

Ndipo ine ndinati chiyani, Aphungu? Ndinati, "Chabwino, ndiganizira." Munthu wophunzira, mayi wa ana awiri, anthu akuseka nkhani ya moto, ine ndi kuti ndiganizira. Apa ndi pamene pakundiwawa kuposa ponse.

Ndakwiyira abwana, amene sadziwa kusiyanitsa fyuzi ndi batire koma amafuna pepala loti awombere m'manja. Ndakwiyira mkulu wa sitolo, amene amasankha chipangizo ngati akusankha wotchi ya pamkono. Ndakwiyira a Singano chifukwa anandiphunzitsa kufunsa mita, koma lero ndafunsa, akuti ndine wamwano. Lachitatu ndinapeza chitseko cha chipinda cha magetsi atachitsekula n'kuchiimika ndi njerwa, ndipo fani ya mu ofesi ya a Singano ili pansi, ikuwuzira kabati ya sefa. Ndinaima n'kumaiyang'ana ikupukusa mutu uku ndi uku ngati ikundikana. Kuseri kwa khoma limenelo ndi kumene amayi khumi ndi awiri amadula ndi kumanga mapaipi, ndipo matumba a ufa wapulasitiki anaunjikidwa mpaka kudenga, atatsamira khoma lomwelo.

Tsopano abwana, pofuna kunditseka pakamwa, andilola kusankha chipangizo chimodzi. Pali zitatu. Choyamba ndi cha mkulu wa sitolo chija, chopana waya n'kuonetsa manambala. Ndawerenga kabuku kake, ndipo m'kati mwake chimaganiza chimodzimodzi ndi mita ya a Singano. Chachiwiri ndi chofanana ndi cha mnzanga. Chachitatu ndi bokosi lokhala ndi zingwe zofewa zokulunga pamawaya. Limakhala pabolodi masiku angapo likulemba lokha, ndipo limaonetsa hamoniki iliyonse payokha, kuti udziwe ngati sefa ikumeza zimene inapangidwira. Limenelo n'lochita kubwereka ku kampani ina, ndipo limabwera ndi mmisiri wawo. Ndiye kuti mlendo adzalowa m'chipinda cha a Singano, sabata zawo zomaliza, kudzaona ngati anagwira bwino ntchito, fakitale yonse ikuonerera.

Nanga ngati wolakwa ndine? Mita ya mnzanga ilibe satifiketi yosonyeza kuti inapimidwa liti. Mwina ndi iyo ikunama. Ine sefa sindinapangepo kunja kwa kalasi. Mwina fungo lija ndi la utoto watsopano. Mwina ndikungofuna kuonetsa kuti ndakula. Amuna anga akuti, "Tenga chachiwiricho, chokwana m'thumba, uziyeza mwakachetechete, mdala apite bwino. Zotsalazo udzakonza akachoka." Zikumveka zanzeru. Koma pepala likufunika iwo asanachoke.

Ndalemba masamba anayi. Atatu ndi manambala ndi zifukwa zimene sindingasainire. Lachinayi ndi zonse zimene ndakhala ndikumeza zaka khumi ndi chimodzi, ndipo muli mawu amene mayi anga atawaona angandikane. Masambawa ali m'thumba la ovololo sabata yathunthu, afewa ngati nsanza, sindinapatse munthu.

Ndisankhe chipangizo chiti, Aphungu? Ndipo munthu amene anakupulumutsa dzanja umamuuza bwanji kuti akufuna kuotcha nyumba?

Ndine
T. N., wa ku fakitale ya mapaipi


Mayi injiniya,

Siyani mbalezo, zayera. Ndipo musasaine. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale wina akulungire misomali tsamba lino musanalimalize, atsale m'mutu mwanu.

Ine zamagetsi ndimathera posintha babu, choncho kalata yanu ndinakawerengera mlamu wanga, amene anakalambira m'zipinda ngati chanucho. Nditafika pa nkhani ya nkhomaliro anagwira kumutu. Anati, "Ifenso tinkatero. Tinaotcha kabati yathunthu tisanasiye." Nditafika pa zipangizo zitatu sanandilole kumaliza. Anati, "Chachitatu. Choyambacho ndi mita ya mdala yomweyo itavala suti. Chachiwiri n'chabwino kuyenda nacho m'chikwama tsiku ndi tsiku, chimakuuza kuti mtolo ukulemera, koma sichikuuza kuti mumtolomo muli chiyani. Sungasainire sefa osadziwa chimene ikumeza ndi chimene ikusiya."

Inu zimenezi mumazidziwa kale. Munafotokoza bokosilo bwino kuposa mmene mwafotokozera ana anu. Simunandilembere kuti ndikusankhireni chipangizo, munafuna wina akuuzeni kuti simunapenge. Simunapenge.

Bokosilo likabwera, mlamu wanga akuti lisatsike m'galimoto musanaone ndi maso anu satifiketi yake, ndi tsiku limene linapimidwa. Mwakayikira mita ya mnzanu pa chifukwa chimenechi, ndipo munakayikira bwino, ndiye musalole kuti abwana adzakubayeni ndi mkondo womwewo. Onani kuti linapangidwira mphamvu ya bolodi lalikulu, osati ya soketi ya m'khitchini, ndiponso kuti zingwe zake zikukwana mawaya anu ndi maampu anu. Liyeze mawaya onse atatu nthawi imodzi. Muyeze mbali ya thiransifoma, muyezenso waya wopita ku sefa. Muyeze sefa ili yoyatsa, muyezenso ili yozimitsa, apo ayi simudziwa kuti ikuthandiza kapena ikuonjezera mavuto. Likhalepo sabata yathunthu ya ntchito, ndipo pambali pake pakhale kope lolembamo kuti makina angati akuyenda pa ola lililonse. Nkhomaliro idzaonekera yokha pachithunzipo ngati dzenje, simudzafunikanso kukangana ndi munthu.

Koma bokosi ndi la sabata yamawa. Matumba aja ndi a mawa m'mawa. Achoke pakhomalo, ndipo mulembe kakalata kakafupi kosonyeza kuti mwalamula zimenezo. Ndinu injiniya, simukupempha. Ngati makina onse sayenera kuyendera limodzi mpaka muyeze, nenani, mulembenso. Amayi khumi ndi awiri aja sanakhale nawo pamsonkhano, sanaseke nawo, koma ndi amene akhala pafupi ndi khomalo.

Za buku lija musadzizunze mopitirira. Manambala amene munalemba ndi oona, kungoti ndi a nthawi ya nkhomaliro. Tengani cholembera, pansi pake mulembe kuti makina asanu anali ataima, muike tsiku la lero. Munalakwa kukhala chete, inde, ndipo sindikupakani mafuta pamenepo. Koma kulakwa kumeneko kudakali kokonzeka. Kudzasanduka bodza tsiku limene mudzasaine.

Abwana anu andikwiyitsa inenso. Munthu wofuna pepala la mwambo kuposa choonadi cha m'kabati ndi yemweyo amene moto ukabuka adzatsegula fayilo n'kufunsanso kuti, dzanja ili ndi la ndani. Wakuonetsani kale mmene amachitira. Amuna anu amakukondani, koma malangizo awo akukuikani pamalo omwewo.

Tsopano za a Singano. Werenganinso kalata yanu pamene pali njerwa ndi fani. Munalemba zimenezo mutakwiya, ndipo mkwiyo unakuphimbani maso. Munthu sanyamula fani ya mu ofesi yake, iye n'kumakhala thukuta lili kamukamu, kukaziziritsa chinthu chimene akukhulupirira kuti chili bwino. Mphuno yawo yamva fungo limene inu mwamva, ndipo inayamba kumva mafungo otere inu musanabadwe. Akudziwa. Chimene sakudziwa ndi mmene angavomerezere, kutatsala masabata atatu, pamaso pa mtsikana amene anamuphunzitsa kugwira pulayazi. Dzina lija la a Digiri linatuluka ndi mantha. Linali lamwano ndithu, ndipo tsiku lina mudzawauze kuti linakupwetekani, koma osati sabata ino.

Mukuti anakuphunzitsani kufunsa mita. Mwaiwala mawu apakati amene mwandilembera nokha: ngakhale ine ndimanama. Munthu amene ananena zimenezo kwa mwana wasukulu akadalipo m'kati mwa mdala wouma mutuyo. Lankhulani ndi ameneyo.

Mlendo wa bokosi asalowe ngati wapolisi. Iye abweretse chipangizo, koma wotsegula bolodi ndi wokulunga zingwe akhale a Singano, poti palibe amene amadziwa mawaya amenewo kuposa iwo. Mlamu wanga akuti nthawi zambiri sefa yotere siikhala kuti inamangidwa molakwika, imangokhala yaing'ono kwa katundu amene yasenzetsedwa, kapena yofuna kuichuna pang'ono. Ngati ndi choncho, ndani angakonde kuchoka atakonza yekha ntchito yake kuposa iwo? Ndipo ngati bokosi lidzanene kuti wolakwa ndinu, mudzapepese mokweza pamsonkhano womwewo, musaine ndi mtima woyera. Manyazi a tsiku limodzi sapha munthu.

Sindikulonjezani kuti adzakuthokozani. Mwina adzachoka osakupatsani moni, ndipo zidzakuwawani nthawi yaitali. Inunso chala chinatupa, ndipo sindikukhulupirira kuti munawathokoza tsiku lomwelo.

Chenjezo langa ndi ili. Musatsegule bolodi muli wokwiya, ndipo musalitsegule muli nokha. Magolovesi ndi chophimba kumaso si za anthu amantha. Fungo lija likakula, kapena mukaona kapasita watupa, zimitsani sefayo nthawi yomweyo, msonkhano udzachitike pambuyo.

Tsamba lachinayi lisiyeni kunyumba, pansi pa mbale zoyera zija. Lagwira kale ntchito yake. Atatu enawo muwalembenso bwino, poti afewa, mukhale ndi makope awiri. Ena ndi a abwana, koma abwana alandire masana. M'mawa, mabelu asanalire, pitani kumene a Singano amamwera tiyi, pasakhale wina aliyense. Musayambe ndi mahamoniki. Muwauze kuti, "Bambo, fani ija ndaiona. Sindisaina, ndipo sindinafune kuti mumve kwa wina." Mukatero pindani masambawo kawiri, kuti akwane m'kathumba kachikopa kaja pambali pa mita, muwapatse ndi manja awiri.

Aphungu